Mmene Mai Sakhwi Anasungitsira Makobiri kwa Mphiri

Padangokhalatu, ndipo amene muli nane muvomere, kudali mudzi wa nyama kumene chaka sichinkayamba ndi Januwale ngati kwathu kuno. Kumeneko chaka chinkayamba tsiku lotseka nkhokwe, zokolola zonse zitalowa. Tsiku limenelo nyama zinkasonkhana pabwalo, ng'oma zikulira, ndipo banja lililonse linkaimirira n'kunena mokweza chimene lidzachite chakacho. Zonong'ona sizinkaloledwa. Lonjezo lako umalinena pagulu, ndipo Khwangwala, mlembi wa bwalo, ankalisunga m'mutu mwake kuti adzakufunse.

M'mudzimo munali Mai Sakhwi, kamkazi kakang'ono ka mphuno yaitali, kogulitsa ziwala zokazinga pamsika. Mwamuna wake, Bambo Sakhwi, anali wabwino mtima koma wobooka m'manja. Ana anali anayi. Poyamba anali asanu, koma mzime anatengedwa ndi Mphiri dzinja lapitalo, dzuwa lili paliwombo, mai wake ali kumsika.

Mphiri ameneyu anali sajeni wopuma wa asilikali a mfumu, ndiye panalibe woyerekeza kukamusumira. Ankayenda akudzitama kuti chibadwire palibe khomo limene linamukanizapo kulowa. Nyumba ya Mai Sakhwi inali yomata bwino, mng'alu woti nyerere n'kudutsa panalibe, denga lothinana. Koma pakhomo panali chitseko cha mapesi, ndipo mapesi kwa Mphiri kunali ngati kumuuza kuti lowani, bwana. Mpumulo unali umodzi wokha: kukayamba kuzizira, Mphiri ankalowa mu una wake pansi pa chulu n'kugona miyezi isanu, osadzuka mpaka bingu loyamba la mvula litagunda.

Tsiku la malonjezo linafika. Njiri anaimirira akudzandira, chipanda chili m'manja.

"Chaka chino mowa ndasiya!"

Nthungululu! Ng'oma! Kenako Nkhanga.

"Ine miseche basi, ndaleka."

Anakhala pansi n'kuyamba kunong'oneza mnzake za nsalu ya mkazi wa Njiri. Itafika nthawi ya banja la Sakhwi, bambo uja anati aimirire, mkazi wake n'kumukokera pansi ndi mchira. Mkaziyo anaimirira yekha.

"Ife a kwa Sakhwi, bingu loyamba lisanagunde, pakhomo pathu padzakhala chitseko cha matabwa."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Aliyense ankadziwa kuti chitseko cha matabwa amakhoma ndi Gogomole yekha, mmisiri wa mudziwo, ndipo mtengo wake unali makobiri zana limodzi ndi makumi asanu. Ankadziwanso kuti Gogomole ngongole saidziwa. Makutu ake anagontha ndi kugogoda, ndipo mawu oti ndidzakupatsani mawa ndi amene sankawamva kwenikweni.

"Ndasunga," anatero Khwangwala akupukuta misozi ya chiseko. "Chitseko cha matabwa, kwa Sakhwi. Ndasunga ndithu."

Atafika kunyumba, Bambo Sakhwi anagwira kumutu.

"Amake Tsalani, mwatichititsa manyazi! Makobiri onsewo tiwatenga kuti? Tikabe?"

"Tiba, inde. Tidzibera tokha."

"Mukuti chiyani?"

"Khalani pansi, bambo a Tsalani. M'mawa uliwonse mumagula zitumbuwa zingati?"

"Ziwiri."

"Chikhale chimodzi. Chinacho mbatata ilowe m'malo."

"Ndiye mukufuna kundipha."

"Sindinati musiye. Ndati ziwiri zikhale chimodzi. Machesi timagula chifukwa chiyani, moto uli kwa a Nungu kuseri kwa mpanda? Ndizikapala. Kumsika ndimakwera kabaza wa a Mbawala, miyendo inayi ndili nayo. Ndiziyenda. Tizidutswa ta sopo timene mumataya kubafa ndizitiumba pamodzi. Kuchigayo ndizipita mphale ndasinja kale mumtondo, tizilipira kamodzi m'malo mwa kawiri. Miyezi isanu ndi masiku zana ndi makumi asanu. Tsiku, kobiri. Tsiku, kobiri. Palibe afe."

"Nanga fodya wanga?"

"Fodya wanu sindinamutchule. Mwamutchula nokha, zikomo. Mukadzale kuseri kwa nyumba."

Anayamba m'mawa mwake. Kobiri likapulumuka, Mai Sakhwi ankaliponya mumphika wobisa pansi pa nkhuni n'kumanga mfundo imodzi pachingwe chimene ankachizenga m'chiuno. Sukulu sanapite, koma mfundo sizinkamusokonekera. Anapitanso kwa Gogomole n'kumukokera kunyumba kuti ayeze khomo.

"Yambani kukhoma!" anamufuulira m'khutu. "Ndalama zikubwera!"

"Kukhoma ndikhoma," anatero Gogomole. "Koma chiziima kwanga kuno mpaka kobiri lomaliza."

Masiku makumi awiri anadutsa bwinobwino, mfundo makumi awiri. Koma paja lonjezo analinena pabwalo. Mudzi wonse unkadziwa kuti kwa Sakhwi kukugona ndalama.

Woyamba anali mwini nyumba yemwe. Tsiku lina Mai Sakhwi pogwedeza mphika anamva kuti wapepuka. Anawerenga, asanu ndi limodzi kulibe. Bambo Sakhwi anabwera madzulo mlomo uli noninoni, akuimba.

"Ndinangobwereka, amake Tsalani. Anzanga anandizinga pamalo a tiyi, ndikanatani?"

Asanamalize n'kukangana komwe, odi analira pakhomo. Anali Bwampini, msuweni wa Bambo Sakhwi, chimphona cha masaya otupa, misozi ili chuchuchu.

"Alamu, ndafa ine! Dzino! Sing'anga akufuna makobiri khumi ndi anayi. Ndamva kuti kuno Mulungu wakudalitsani."

Tsono kumeneko mlamu akabwera akulira, ndipo akudziwa kuti m'nyumba muli kanthu, sumubweza chimanjamanja. Ukatero, maliro akadzakugwera udzakumba manda wekha. Mai Sakhwi anapereka, mtima ukuwira. Bwampini anati abweza mawa. Mawa limenelo mpaka lero silinache.

Mai Sakhwi anamasula mfundo zonse makumi awiri, imodziimodzi. Atamaliza anakhala pamtondo, mphuno ikugwedera uku ndi uku, monga inkachitira akamaganiza. Pansi pa nkhuni apeza. Kudenga apeza. Kwa mnansi, mnansiyo ndiye adya. Kodi m'mudzi muno ndi pati pamene palibe angapise dzanja? Mwadzidzidzi anadumpha, mtondo n'kugubuduka.

"Ndapapeza!"

Kutacha anatenga chipanda, anachimanga luzi lalitali, ulendo wa kuchulu. Anatchera khutu pa una. M'katimo Sajeni Mphiri anali kuliza mkonono. Mai Sakhwi ankadziwa kuti amene anali m'munsimo ndi yemwe anadya mwana wake. Koma anatsitsa chipandacho pang'onopang'ono mpaka chinakhala pansi, luzi n'kulimangirira pamuzu. Kenako anapisa bango lobooka mpaka kukamwa kwa chipanda, n'kuponyamo kobiri loyamba. Linatsetsereka, n'kugwera m'kati, ngwe!

Mkonono unaleka.

Mai Sakhwi pofuna kuphimba phokoso lija anayamba kuimba motsitsa mawu, ngati wotonthoza khanda. Nyimboyo inkauza kobiri kuti litsike mwaulemu, likagone pambali pa wamkulu amene khomo silimukana, lisamudzutse poti watopa ndi nkhondo. Sanamalize kawiri, mkonono unayambiranso.

Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse popita kumsika ankadzera kuchulu: kobiri, nyimbo, mfundo. Pofuna kubweza makumi awiri otayika aja, masiku a msika waukulu ankaponya awiri. Anasiya kukulungira ziwala m'mapepala ogula, n'kumakulungira m'masamba a nthochi. Parafini anamuchepetsa pogoneka ana kukangoda. Nyimbo ija inamukanirira pakamwa, moti ankaiimba posinja ndi potunga madzi. Akazi anzake anaikonda, anaitola osadziwa za mutu wake, ndipo pasanathe mwezi mitondo yonse ya m'mudzimo inkagunda ndi nyimbo ya kobiri ndi wamkulu wogona.

Mfundo zitakwana makumi asanu, Bwampini anatulukiranso, ulendo uno akutsimphina.

"Alamu, mwendo!"

"Pepani, alamu, pepani! Dzino lija linapola?"

"Linapola, koma matenda atsikira kumwendo. Makobiri makumi awiri okha."

"Aa, zochepa zimenezo? Inu ndi mwini wake wa pakhomo pano. Tiyeni mukatenge nokha, mutape mmene mungafunire."

Bwampini anaiwala kutsimphina. Anafika pachulu, Mai Sakhwi n'kuloza una.

"Zili m'munsimo. Pisani dzanja."

Bwampini anawerama, anamva mkonono, ananunkhiza. Masaya aja anaphwa nthawi yomweyo.

"Alamu, muno si mwa a Sajeni?"

"Ndi momwemo. Ndi amene amatisungira. Mukawadzutsa mungowapatsa moni."

"Mwendo uja ukukhala ngati wayamba kumva bwino."

"Tapani pang'ono pokha, alamu, mungandichititse manyazi."

Koma Bwampini anali atafika kale kutsidya kwa mudzi, fumbi lili koboo.

Zitakwana makumi asanu ndi anayi, anabwera Khwangwala mlembi, atavala kolala yake yoyera.

"Mai Sakhwi, bwalo lagamula kuti amene akusunga ndalama azipereka kachakhumi ka ng'oma zatsopano."

"Lagamula liti, a mlembi? Ine sindinamve kuitana."

"Linakumana mwachangu."

"Chabwino, lamulo ndi lamulo. Ndalamazo zili kwa msungichuma wanga. Tiyeni mukamuuze nokha za chigamulocho, inu odziwa kulankhula ndi akuluakulu."

Anafika pachulu. Mai Sakhwi anaimba nyimbo yake, kobiri la tsikulo n'kutsika. Khwangwala anasuzumira ndi diso limodzi, n'kuona mawanga a msana wa Mphiri akukwera ndi kutsika.

"Ndakumbukira tsopano," anatero akubwerera chafutambuyo. "Chigamulo chija chimakhudza a mapiko okha."

Nayenso Bambo Sakhwi tsiku lina anamulondola mkazi wake mobisala, ludzu la tiyi wamkaka litamugwira. Ataona kumene makobiri ankapita, anabwerera mwakachetechete, anakadya mbatata yake, ndipo madzulo anathirira fodya wake popanda womutuma.

Kunayamba kutentha. Mfundo zinadzaza chingwe mpaka chinkazungulira m'chiuno katatu. Tsiku lina m'mawa Mai Sakhwi anaponya kobiri, anaimba, anamanga mfundo, anawerenga. Anawerenganso. Zana limodzi ndi makumi asanu! Anavina yekha pachulupo, anadumpha, anazungulira, n'kuthamanga kukaitana mwamuna wake kuti adzathandizane kukoka.

"Gwirani apa, bambo a Tsalani! Pang'onopang'ono. Kokani!"

Anakoka. Luzi linabwera lopepuka ngati udzu, kumapeto kwake kulibe kanthu. Mai Sakhwi analiyang'ana n'kukhala pansi. Chiswe! Anaganiza za mwamuna, za mlamu, za mlembi, koma anaiwala kuti chulu chili ndi eni ake. Chiswe chinadya luzi, chinadya chipanda, makobiri onse n'kumwazikira pansi pa mimba ya Mphiri.

Ndipo ali chikhalire choncho, kumwamba kunagunda. Gululu!

Mkonono unaleka. Bambo Sakhwi anagwira mkono wa mkazi wake.

"Tithawe!"

"Thawani inu. Mukatsekere ana m'nyumba, mukakhale nawo. Ndikamabwera ndi alendo, musadabwe ndi chilichonse chimene ndinene."

Mphuno ya Mai Sakhwi ija inali ikugwedera kale.

Mphiri anatulutsa mutu, maso ali psuu, njala ya miyezi isanu ili pankhope. Anapeza kamkazi kagwada patali pang'ono, kakuomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, a Sajeni?"

"Ndadzuka ndi njala, ndipo ndaona kuti chakudya chabwera chokha. Sendera kuno."

"Ndisendera, bwana, koma ndiyambe ndapereka uthenga wa mudzi. Mitulo yanu mwaiona?"

"Mitulo yanji?"

"Imene mwagonera."

Mphiri anabwerera m'kati, anatembenuka, makobiri n'kuchita ngwerengwere. Anatulukanso.

"Ndiye n'zimene zimandikanda kumimba! Zachokera kuti?"

"Tsiku lililonse kumabwera kobiri, bwana, ndipo wobweretsa ndinali ine. Simunkamva nyimbo kutulo?"

Mphiri anaganiza. Zoonadi, kutulo ankamva kanyimbo konena za wamkulu amene khomo silimukana.

"Ndimayesa ndikulota."

"Si maloto. Tatcherani khutu kumudziko."

Inali nthawi yosinja. Kuchokera kumudzi kunkamveka mitondo ikugunda, akazi akuimba nyimbo yomweyo, wina kutsogolera, ena kuvomera. Mphiri anafufuma ndi kunyada mpaka khosi linasowa.

"Hii! Mudzi wonse?"

"Wonse. Koma pali mawu ena amene ndikuopa kunena."

"Nena!"

"Akuti wamkulu ngati inu, sajeni wa mfumu, kugona pa una wopanda chitseko ngati mbewa. Alendo akamadutsa amafunsa kuti kodi muno mumakhala ndani, ife n'kusowa poyang'ana. Ndiye makobiriwa ndi a chitseko cha matabwa. Chili kale kwa a Gogomole, chikungodikira ndalama."

"Ngati mbewa? Ndani ananena zimenezo?"

"Anthu, bwana. Pakamwa pa anthu."

"Tiye kwa Gogomole pompano! Iwe ndikudya tikabwerako. Lowa utole makobiriwo."

"Ine kulowa m'chipinda cha a Sajeni? Ndingalaule. Komanso timanja tangati tinganyamule angati? Inu muli ndi thumba limene Mulungu anakupatsani. Mezani, mukalavule kwa mmisiri."

Mphiri anameza. Kobiri, kobiri, kobiri, mpaka pansi panayera. Potuluka anali atatupa pakati ngati mtolo, akuyenda mokhwekhwereza, m'mimba mukulira ngwerengwere. Mai Sakhwi anatsogola, akusiya mpata wa mikono khumi, akuimba nyimbo ija mokweza. Nyama zinatuluka m'nyumba kudzaona. Akazi anasiya misi n'kutsatira patali akuvomera, poti nyimbo ankaidziwa, ngakhale sankadziwa chimene chikuchitika. Mphiri anayesa ndi ulemu wake, n'kumagwedeza mutu uku ndi uku ngati mkwati.

Kwa Gogomole chitseko chinali chitatsamira pakhoma, cha mlombwa, chokhuthala, mpiringidzo wake uli pambali. Mphiri analavula makobiri pamphasa, mulu wonyowa.

"Chitseko changa ndi chimenechi?" anafunsa.

"Ee, kwatentha zedi," anayankha Gogomole, amene sanamve kanthu. Anayamba kuwerenga ndi mlomo wake, go, go, go, akuika m'milu ya khumi khumi. Atamaliza anapukusa mutu.

"Zana limodzi, makumi anayi, ndi asanu ndi anayi. Latsala limodzi."

"Werenganinso!" anafuula Mai Sakhwi.

Gogomole anawerenganso. Chimodzimodzi. Mphiri anakhosomola, anadzipotokola, anadzimenyetsa pansi. Kobiri limodzi linkamveka m'kati, koma linakana kutuluka.

"Limodzi lokha, a Gogomole! Mawa!" anachonderera Mai Sakhwi.

Mawu amenewo Gogomole sanawamve. Anayamba kubweza chitseko m'nyumba. Kumwamba kunagundanso, ndipo Mphiri anayamba kumuyang'ana Mai Sakhwi ngati ndiwo.

Pamenepo m'gulu muja munatuluka Bambo Sakhwi, wefuwefu. Anali atamva nyimbo n'kulephera kukhala. Anapisa kuseri kwa khutu n'kutulutsa kobiri.

"La chitumbuwa cha lero," anatero. "Sindinagule. Ndinati mwina."

Mai Sakhwi anamuyang'ana mwamuna wakeyo ngati akumuona koyamba, koma nthawi yoyamikira panalibe. Gogomole analandira, anasenza chitseko, n'kuuyamba ulendo wa kumene anayeza khomo.

"Akupita kuti ameneyu?" anakalipa Mphiri. "Kwanga ndi uku!"

"Akudziwa, bwana. Akukachiyesa kaye."

"Kuchiyesa?"

"A Sajeni, amisiri a masiku ano ndi akuba. Angakupatseni chitseko chofumbwa, inu n'kulipira ndalama zonsezi. Chitseko chimayesedwa chisanafike kwa mwini wake, ndipo woyesa wake m'dziko muno ndi mmodzi yekha, amene khomo silinamukanizepo. Tichikhome kwanga, poti pamafunika wamanja wopiringidza m'kati. Ine ndilowa ndi banja langa lonse. Inu muyese kulowa. Mukalephera, ndiye kuti ndi chitseko choyenera sajeni."

"Nanga ndikalowa?"

"Mukalowa mutipeza tonse asanu ndi mmodzi tili pamphasa imodzi. Simudzavutika n'kuthamangitsa."

Bambo Sakhwi anatsala pang'ono kukomoka. Mphiri ananyambita milomo. Anaona kuti uku apindula, uku apindula.

"Khomani!"

Gogomole anachotsa mapesi aja n'kuwataya kutali. Go, go, go, misomali. Go, go, go, thabwa lapansi. Chitseko chinalowa pakhomo ngati chinamera pomwepo. Mai Sakhwi anakankhira mwamuna wake m'kati, anawerenga ana, mmodzi, awiri, atatu, anayi, anatseka, mpiringidzo n'kugwa, khu!

"Yambani, a Sajeni!"

Mphiri anabwerera m'mbuyo, anadzikunga, n'kuchimenya ndi mutu. Phaa! Chitseko sichinagwedere n'komwe. Anaona nyenyezi masana.

"Kamodzi!" linafuula gulu lija, Khwangwala akutsogolera.

M'kati Mai Sakhwi anayambitsa nyimbo ija, koma tsopano anaisintha. Inkafunsa wamkulu kuti kodi mutu uli bwanji, n'kumulangiza kuti ayese pansi. Ana anavomera mwamantha.

Mphiri anayesa pansi. Anapisa lilime, anakanda ndi mphuno, anayenda m'mbali monse kufuna kampata. Gogomole ngakhale anali wogontha, ntchito yake inalibe mpata ngakhale wa tsitsi. Mphiri anakwiya, analuma thabwa, dzino limodzi n'kutsala momwemo.

"Kawiri!"

Tsopano nyimbo inatuluka m'nyumba n'kugwira gulu lonse. Njiri anavina ndi chipanda chake, Nkhanga analuluta, ng'oma zinabwera zokha osadziwika wozitenga. Ana m'kati muja mantha anawathera, n'kumaponda pansi motsatira.

Mphiri anapuma n'kufewetsa mawu.

"Mai Sakhwi, mayi wanga, ndakhutira. Chitsekochi n'chabwino. Tsegulani tsopano, mmisiri achizule apite nacho kwanga. Sindikhudza aliyense, ndikulumbira pa mendulo zanga."

"Amake Tsalani, walumbiratu," ananong'ona Bambo Sakhwi.

"Khalani chete, inu." Kenako anakweza mawu. "A Sajeni, kuyesa kwachitatu ndi kumeneku. Mwayesa ndi mutu, chakana. Mwayesa ndi mano, chakana. Tsopano mwayesa ndi pakamwa pokoma, ndipo taonani, chakananso. Chitseko chimenechi ndachikonda. Chikhala pompano."

"Katatu!" linakuwa gulu.

"Wakuba iwe! Ndalama zanga! Mitulo yanga!"

"Zanu ziti? Ndinati tsiku lililonse kumabwera kobiri, ndipo wobweretsa ndinali ine. Ndinanama? A mlembi ali pomwepo, afunseni amene analonjeza chitseko pabwalo."

"Ndinasunga," anatero Khwangwala, ataima padenga pamene Mphiri sakanafika. "Chitseko cha matabwa, kwa Sakhwi."

"Chingwe chili m'chiuno mwangamu," anapitiriza Mai Sakhwi, "ndipo mfundo iliyonse ndikhoza kukuuzani kwawo. Iyi ndi machesi. Iyi ndi ulendo wa kumsika wapansi, minga ikundibaya. Iyi ndi sopo. Izi zonsezi ndi zitumbuwa za bambo a Tsalani. Nanga inu, a Sajeni, munadzimana chiyani kuti mupeze ngakhale limodzi? Munagona. Koma ine sindidyera munthu thukuta lake. Mwandilondera chuma changa miyezi inayi ndi masiku khumi, mwandinyamuliranso mpaka kwa mmisiri. Kobiri latsala m'mimba mwanulo ndi malipiro anu. Musabweze. Za mwana wanga sitinathane, ndipo sitidzathana, koma za ulonda tathana lero."

Mvula inayamba kugwa, madontho akuluakulu. Gulu linabalalika likuseka ndi kuimba. Mphiri anazungulira nyumba ija kasanu, sanapeze polowera, n'kukhwekhwereza thupi lake kubwerera kuthengo, kobiri likulira m'mimba.

Mimba imene inatanuka ndi makobiri ija sinabwererenso. N'chifukwa chake mpaka lero mphiri ndi yonenepa pakati, yaulesi poyenda, ndipo mukaipeza yagona panjira imangofufuma ndi kupuma mwaukali. Ikuyesabe kukhosomola malipiro ake.

Yanga yathera apa. Amene wagona m'katikati, mnzake amuuze, ine sindibwereza ulere.